Atsogoleri ndi Aluso a Zaka Zoyamba za Ufulu

Dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda ali nduna yaikulu. Nthawiyo Phalombe adali mbali ya boma la Mulanje, ndipo adakhala boma palokha mu 1998. Nduna zambiri za Kamuzu zidali anyamata ophunzira amene adamangidwa kapena kuthawa kwawo mu 1959 polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mnzawo wina, Dunduzu Chisiza, katswiri wa zachuma, ufuluwo sadauone, poti adafa pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu 1962.

Mgwirizano wa otsalawo ndi Kamuzu sudathe miyezi itatu chilandirire ufulu. Ndunazo zidakana zoti odwala azilipira tiki kuchipatala, zidadandaula kuti maudindo a m'boma akuchedwa kuchoka m'manja mwa azungu, komanso zidatsutsa ubwenzi wa Kamuzu ndi Apwitikizi. Mfundo yomalizayi siidali yakutali kwa Alhomwe a m'chigwa cha Phalombe, amene makolo awo ambiri adachoka ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi omwewo.

Mu Seputembala 1964 Kamuzu adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere adachitanso chimodzimodzi atabwerako ku Canada. Mu Febuluwale 1965 Chipembere adaukira boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, koma gulu lake lidalephera kuwoloka Shire pa Liwonde. Adamwalira ku America mu 1975. Yatuta adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida, pamene Orton Chirwa, yemwe adayambitsa chipani cha Malawi Congress Party mu 1959, adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Dziko losowa anthu ophunzira lidataya motero ena mwa ana ake anzeru kwambiri, ndipo bala limeneli lidatenga nthawi kupola.

Mkunthowo udakhudzanso alembi. David Rubadiri, mlakatuli amene adali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, adasiya ntchitoyo mu 1965 nakaphunzitsa ku Makerere, ku Uganda. Legson Kayira, mlembi wa I Will Try, adakhazikika ku England. Otsala kumudzi adatisiyira ntchito zimene zidalowa m'kalasi iliyonse: Michael Sauka adapeka nyimbo ya fuko, ndipo John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe.

Mu 1968 msonkhano wa chipani udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko. Ana a ku Migowi ndi Chiringa ku Phalombe adaphunzira m'Chichewacho, pamene Chilhomwe chidalibe malo kusukulu kapena pa wailesi ya MBC nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu, womwe udatha mu 1994.