Anamulondola a ku Manda a Nkhondo, ndi Manda Amene Anali Kuwalambalala

Kwathu munthu salowa ku manda yekha. Ayamba wafika kwa amfumu, ndipo amfumu ampatsa munthu womtsogolera, wodziwa kuti uje anagona apa, uje anagona apo, pakuti mitumbira ifanana ndipo udzu suchedwa kumera. Ku Ulaya nakonso kuli anthu a nchito yotere, kungoti iwo alandira malipiro. Atenga alendo pa basi kapena pa galimoto, nawayendetsa m'minda mmene munamenyedwa nkhondo ndi m'manda a asilikali, nawafotokozera zimene zinachitika pamenepo. Ife tiwatche anamulondola. Mwezi uno ndifuna tione mmene nchito yao inayambira ku France ndi ku Belgium, ndiponso chifukwa chake kwa zaka zambiri anali kulambalala manda a anthu anchito onga ife.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, itatha, boma la Angerezi linakana kuti mitembo ya asilikali ibwezedwe kwao. Linati yense agone m'dziko limene anafera. Nchito yosamala manda inapatsidwa kwa bungwe la Imperial War Graves Commission, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1917 chifukwa cha khama la Fabian Ware. Lamulo la bungwelo linali lokoma ndithu polimva: mkulu wa nkhondo ndi msilikali wamba, mwana wa wolemera ndi mwana wa wosauka, onse alandire mwala wofanana, ndipo amene mtembo wake sunaoneke dzina lake lizokotedwe pa chipilala. Mau amenewa muwasunge, pakuti tidzabwererako.

Inu mudziwa bwino kuwawa kwa maliro osaona mtembo, inu amene musonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akafa kuno bokosi lake likafike ku Dedza kapena ku Mzimba. Amai ndi amasiye a ku Mangalande sanaloledwe zimenezo. Wofuna kulira pa mtumbira wa mwana wake anayenera kuoloka nyanja, ndipo anali kufika m'dziko lophwasuka. Mzinda wa Ypres unali milu ya njerwa yokhayokha, miseu inali maenje, mabomba osaphulika anali mbwee m'minda, ndipo mitanda ya matabwa inali zikwi zosawerengeka. Mai wokalamba, wosadziwa chilankhulo cha kumeneko, kapepala ka nambala ya manda kali m'manja, akanayambira pati?

Anamulondola oyamba ambiri anali asilikali omwe aja anamenya nkhondoyo. Ena atamasulidwa usilikali sanabwerere kwao. Anakhazikika ku Ypres ndi ku Somme, ena nalembedwa nchito yolima maluwa m'manda, ena nagula galimoto zakale zonyamulira alendo. Malowo anawadziwa ndi mapazi ao, ndipo mai akafunsa kuti mwana wanga anafa motani, iwo anadziwa choyankha ndi chobisa. Amalonda nawonso sanagone. M'chaka cha 1919 kampani ya Thomas Cook inali itayamba kale kugulitsa maulendo okaona malo a nkhondo, ndipo kampani ya Michelin, yopanga matayala, inasindikiza mabuku olondolera njira, okhala ndi zithunzi za midzi isanaphwasuke ndi itaphwasuka. Anthu ena anakwiya nazo, nati sikoyenera kukadyera kamba ndi kutola zisoti pa malo pamene mwazi sunaume. Apa mipingo inachita gao lake. Mbusa wina, Matthew Mullineux, anayambitsa bungwe la St Barnabas, lolandira ofedwa osauka ndi kuwaperekeza mpaka pa manda eni eni, ndipo a Salvation Army nawonso anachita chimodzimodzi. M'chaka cha 1928 bungwe la asilikali akale la British Legion linatenga anthu ngati 11,000 pa ulendo umodzi. Chaka chomwecho pa chipata cha Menin Gate ku Ypres, pamene palembedwa maina oposa 54,000, anayamba kuomba lipenga madzulo. Analeka pa zaka za 1940 mpaka 1944, Ajeremani atalanda mzindawo, koma kufikira lero lipengalo lilira 8 koloko usiku uliwonse, ndipo namulondola aliyense wa kumeneko ayesetsa kufikitsa anthu ake nthawi isanakwane.

Tsono mlendo wochokera ku South Africa kuno anali kumtengera kuti? Ku Delville Wood, kankhalango kali pafupi ndi mudzi wa Longueval ku Somme. M'menemo asilikali achizungu a dziko lino oposa 3,000 analowa kuyambira pa 15 July 1916, atalamulidwa kuti asachokemo zivute zitani. Atatulutsidwa pa 20 July, ndipo maina ataitanidwa, oyankha sanakwane 800. Ena onse anali atafa, atavulala kapena atagwidwa. Chipilala chao chinatsegulidwa pa 10 October 1926, ndipo amene analemba pulani yake ndi Herbert Baker, yemwe uja wa Union Buildings ku Pretoria. Malowa amkomera namulondola, pakuti zoonetsa ndi zambiri. Aloza mtengo umodzi wokha umene unapulumuka mizinga. Aloza mitengo ina imene mbeu zake zinachokera ku Cape. Aloza timiyala tolembedwa maina amene asilikali anatcha tinjira ta m'nkhalangomo, monga Princes Street ndi Rotten Row, ndi ngalande zobisalamo zimene zioneka ndithu pansi pa udzu. Anyamata amenewo anazunzika koopsa, ndipo ine sindifuna kuchepsa imfa yao ngakhale pang'ono.

Koma m'France momwemo munali anthu enanso a kuno, pafupifupi 21,000, akuda, a gulu la South African Native Labour Contingent. Mfuti sanapatsidwe. Anali kutsitsa katundu m'sitima za pamadzi ku Le Havre, ku Rouen ndi ku Dieppe, kudula mitengo, kuswa miyala, kukonza miseu ndi njanji. Nanga anali kugona kuti? M'makomponi otsekedwa, ozingidwa ndi mpanda ndi waya waminga, osaloledwa kutuluka okha, osaloledwa kulowa m'nyumba ya munthu wa ku France. Mwambo umenewu sunachokere ku Ulaya. Akuluakulu ao anautenga ku migodi ya kuno. Inu sindikuuzani za fungo la chipinda chogona amuna ambiri, kapena za belu la m'mamawa. Mu July 1917 Mfumu George V inawayendera ku Abbeville niwathokoza, koma nkhondo itatha boma la South Africa linakana kuti alandire mendulo, chinkana anzao a ku Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland, amene anasenza nao katundu yemweyo, analandira.

Odwala ao ambiri anali kutumizidwa ku chipatala cha ku Arques-la-Bataille, pafupi ndi Dieppe, ndipo kumeneko kuli manda a anthu a gululi oposa 250. Kunena zoona, awa sanamanidwe miyala. Yense ali ndi wake, wa msinkhu wofanana ndi wa Mzungu, ndipo pakati pa mandapo pali mwala waukulu wolembedwa m'Chingerezi, m'Chisuthu ndi m'Chixhosa. Chimene anasowa ndicho alendo. Malowa ali kutali ndi kumene kunali kulira mizinga, ulendo wa maola ngati awiri pa galimoto kuchokera ku Delville Wood, ndipo kulibe ngalande kapena dzenje la bomba loti munthu ajambulitsepo chithunzi. Namulondola apita kumene womlipira afuna. Amasiye a ku Transkei ndi a ku Sekhukhune analibe ndalama ya sitima, analibe pasipoti, ndipo panalibe St Barnabas wowatenga. Chotero njira ya mabasi inakhazikika popanda iwo, ndipo namulondola watsopano anangotsata mmene anali kupita mnzake wakale.

Ena manda alibe ndi pang'ono pomwe. Pa 21 February 1917, mbandakucha, kuli nkhungu yoopsa, sitima ya Mendi, itanyamula anthu a gululi oposa 800, inagundidwa ndi sitima ina yaikulu, dzina lake Darro, pafupi ndi chisumbu cha Isle of Wight. Inamira theka la ola lisanakwane. Anafa anthu 646, ndipo 607 mwa iwo anali anchito akuda aja. Woyendetsa Darro sanatsitse mabwato oti awavuule, ndipo chilango chake chinali kumlanda chiphaso kwa miyezi 12. Mmodzi wa omirawo anali mbusa, Isaac Wauchope Dyobha, amene anthu a kwao asimba kuti analimbitsa anzake mtima sitima ikupendekeka. Nkhani imeneyi sinasungidwe ndi mabasi a alendo. Inasungidwa m'matchalitchi ndi m'nyimbo za anthu akuda, amene chaka ndi chaka anali kusonkhana mu February kukumbukira abale ao.

Maina a omirawo ambiri alembedwa pa chipilala cha Hollybrook ku Southampton, pamodzi ndi la Lord Kitchener, mkulu wa nkhondo amene nayenso anafera pa nyanja. Koma tawerengani mainawo. Mupezamo wina Saucepan, wina Paraffin, ndiko kuti sefuliya ndi palafini. Ndani wa inu sadziwa mnzake amene kalaliki anamlemba pa pasi dzina loti amake sanalimvepo? Namulondola wosadziwa zimenezi awerenga dzinalo, alendo namwetulira, napitirira. Wodziwa aima kaye, nawauza kuti munthuyu anali ndi dzina lina kwao, ndi mfunda wake, ndi mudzi wake, ndipo kuti ili analilandira pa zenera la wolemba anthu nchito. Kwa ine kusiyana kwa anamulondola awiriwa n'kwakukulu koposa kusiyana kwa miyala.

Zinthu zinasintha mochedwa. Mu July 2014 mafupa a Myengwa Beleza, mmodzi wa oyamba a gululi kufera ku France, m'mwezi wa November 1916, amene anafukulidwa ku Le Havre, anakaikidwanso ku Delville Wood, Cyril Ramaphosa ali pomwepo monga wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. M'chaka cha 2016 anamangako khoma la maina a anthu a South Africa amene anafa pa nkhondoyo, ondondozedwa monga mwa zilembo, osayang'ana khungu kapena udindo. Tsopano namulondola wofika kumeneko sangathe kuwadumpha, pakuti alendo eni ake awerenga maina a Chizulu ndi a Chisuthu, nafunsa kuti awa ndi ayani.

Tibwerere ku lamulo lokoma lija la mwala wofanana. Mu April 2021 bungwe losamala manda, limene kuyambira 1960 litchedwa Commonwealth War Graves Commission, linatulutsa lipoti lovomera kuti kunja kwa Ulaya lamulolo silinatsatidwe. Anthu osachepera 116,000, kapena mwina kufika 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, maina ao sanalembedwe pena paliponse. M'chiwerengero chimenechi muli makolo athu. Ku Nyasaland amuna pafupifupi 200,000 anagwira nchito ya tengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo pamutu kulowera ku dziko la Ajeremani limene lero ndi Tanzania, ndi ku Mozambique, ambiri atachita kugwidwa m'midzi. Ofa ndi kamwazi, njala ndi chimfine anakwiriridwa m'mbali mwa njira. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a KAR, ku Karonga kuli manda a nkhondo ya mu September 1914, koma wa tengatenga alibe mwala woti namulondola aimepo. Anzao a South Africa amene anafera mu Africa momwe muno anakumbukiridwa mu January 2025, pamene bungwelo linatsegula ku Company's Garden ku Cape Town mizati ya matabwa yolembedwa maina oposa 1,700.

Ambiri a ife ku France sitidzafikako. Koma chikumbutso cha Mendi chili pafupi, m'manda a Avalon ku Soweto. Anachitsegula ndi Mfumukazi Elizabeth II mu March 1995, Nelson Mandela ali pambali pake, ndipo tsiku Lamulungu titatuluka m'tchalitchi munthu angathe kukwera tekisi, kukaona, ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Ndipo wina wa inu, kapena mwana wake, akadzakhala ndi mwai wofika ku Arques-la-Bataille, asadandaule akasowa namulondola. Pa chipata cha manda ambiri a bungwelo pali kabokosi kachitsulo m'khoma, kosakiya. M'katimo muli mabuku awiri: lina la maina a ogona m'mandamo ndi mzere umene yense ali, lina loti mlendo alembemo dzina lake, tsiku, ndi kumene wachokera.