Ku Shamva ndi Mdzukulu

Shamva, kamzinda ka m'Mashonaland, inakula ndi mgodi wa golide. Makolo athu a ku Nyasaland anafika kumeneko pansi, podzera ku Tete, ndipo pamene antchito a pamgodipo ananyanyala ntchito mu 1927, iwo ndiwo anachuluka. Ena analoŵa m'mapulazi ozungulira. Alendo otere ndiwo Mbusa T.C.B. Vlok anadzawatumikira mu 1912, ntchito imene inabala Sinodi yathu mu 1965.

Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri a ana awo anabalalika, makomboni ena nasanduka mabwinja. Ndinatengera mdzukulu wanga komweko kukaona manda a bambo anga. Anayang'anitsitsa mawu olembedwa pamtanda, nandifunsa tanthauzo lake m'Chishona, pakuti Chichewa sachimva.