Mtima wa msilikali ndi mantha ake

Mu 1871 dokotala wa ku Philadelphia, Jacob Mendes Da Costa, analemba za asilikali pafupifupi 300 amene anawaona pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Anyamatawo analibe bala, koma mtima unkawathamanga, m'chifuwa mukubaya, akangoyenda pang'ono befu ndi chizungulire. Powapima sankapeza chilema chooneka. Mkangano unayambira pomwepo: vuto lili mumtima kodi, kapena m'maganizo?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatulutsa odwala otere ochuluka moti mu 1916 boma la Britain linawapatulira chipatala chawochawo ku Hampstead, mu London. Kumeneko dokotala Thomas Lewis anaona kuti kuwagoneka pabedi n'kumawatcha odwala mtima kunkangowonjezera mantha, ndiye anayamba kuwachititsa masewera olimbitsa thupi pang'onopang'ono, ndipo ena anabwereradi ku usilikali. Pofika 1941 dokotala wina, Paul Wood, anagamula kuti gwero la matendawa ndi mantha ndi nkhawa.

Wood sananame, koma chigamulo chake chinapatsa aulesi pothawira. Ndagwira unamwino zaka zambiri, ndipo mawu akuti "Mayi, mukungoganiza kwambiri" ndawamva akunenedwa kwa munthu amene sanamugwire n'komwe pamkono. Mtima wosokonekera kagundidwe umachita mwa apo ndi apo. Umathamanga pakati pa usiku kunyumba, pofika kuchipatala m'mawa wakhala phee, pepala la ECG, loonetsa kagundidwe ka mtima, n'kutuluka labwinobwino. N'chifukwa chake Norman Holter wa ku Montana anavutikira kupanga makina ojambula kagundidwe ka mtima oti wodwala aziyenda nawo. Oyambirira, a m'zaka za m'ma 1940, ankalemera makilogalamu 38 ndipo ankachita kuberekedwa kumsana. Lero ndi kabokosi kolowa m'thumba la malaya.

Komabe kukana odwala sikunathe. Kafukufuku wa mu 1997 ku America anaunika anthu 107 amene mtima wawo unalidi ndi vuto lothamanga modzidzimutsa. Oposa theka sanawapeze nalo poyamba, ndipo ambiri mwa iwo, makamaka amayi, ankauzidwa kuti ndi nkhawa chabe.

Kwa amene matenda awo apezeka, mantha ndiye amakula. Mu 1980, pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, gulu la Michel Mirowski linaika koyamba m'thupi mwa munthu kachipangizo komenya mtima ndi magetsi ukasokonekera. Kamapulumutsa moyo ndithu. Koma amene kanamumenyapo amakhala akudikira kuti kamumenyanso liti. Ena amasiya kuyenda okha, amaopa kugona ndi okondedwa awo, amadzitsekera m'chipinda, chakudya osachikhudza. Zimenezi pa ECG sizioneka, ndipo wodwala sazinena ngati sanafunsidwe.

Anamwino anzanga, munthu akabwera akuti mtima ukumuthamanga, mugwireni pamkono mphindi yathunthu muwerenge kugunda kwake. Mukatero, khalani naye pansi mumufunse ngati tulo akutiona, ndi chimene akuchiopa.