Chihausa, Chikoreya ndi msewu wa pa Lizulu

Sabata ino tiyambire pa Lizulu, pomwe basi imaima kuti mugule mbatatesi, kabichi ndi anyezi. Mukudziwa kale kuti msewu wa M1 pamenepa ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique. Kutsidyako kusukulu ndi Chipwitikizi, kuno ndi Chingerezi, koma ponenerera mtengo wa phwetekere onse amayankhula Chichewa. Komatu dera limeneli ndi la Angoni a Inkosi Gomani. Nanga Chingoni chidapita kuti? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tikaone ziyankhulo ziwiri zakutali, Chihausa ndi Chikoreya.

Ziwirizi palibe ubale. Chihausa kwawo ndi kumpoto kwa Nigeria ndi kummwera kwa Niger. Mawu ake amakwera ndi kutsika ngati athu. Paja ife "mtengo" wa kuthengo ndi "mtengo" wa pamsika timasiyanitsa ndi kamvekedwe basi. Chimasiyanitsanso mwamuna ndi mkazi: "iwe" kwa mwamuna ndi kai, kwa mkazi ndi ke. Chikoreya chilibe zimenezo. Icho mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, ndipo amasintha malinga ndi ulemu wa munthu amene ukuyankhula naye, monga ife sitinena "iwe" kwa apongozi. Koma kusiyana kwakukulu kuli pa njira imene chilichonse chidapulumukira.

Tiyambe ndi Chihausa. Mu 1804 mphunzitsi wa Chisilamu, Usman dan Fodio, wa mtundu wa Afulani, adayambitsa nkhondo imene idagonjetsa mafumu a Ahausa. Ufumu wa Sokoto udabadwa, ndipo Afulani adakhala pamipando m'mizinda ngati Kano ndi Zaria. Mukadayembekezera kuti chiyankhulo cha opambana, Chifulfulde, ndicho chilamule. Ayi ndithu. Olamulawo adakwatira akazi a Chihausa, ana adakulira m'chiyankhulo cha amayi awo, malonda pamsika wa Kurmi ku Kano adapitirira m'Chihausa, ndipo patapita mibadwo yochepa mafumu eniakewo ankaweruza milandu m'Chihausa. Adapambana nkhondo, koma chiyankhulo chawo chidagonja kumtondo ndi pamsika.

Nkhani imeneyi simukuiona ngati yathu? Angoni a Maseko adachokera kummwera, nakafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kenaka adabwerera ndi kukhazikika kuphiri la Domwe cha m'ma 1870. Adagonjetsa midzi ya Achewa ndi Antumba, natenga akazi ndi ana ambirimbiri. Mwana amayamwa mawu a mayi ake. Pofika nthawi ya Inkosi Gomani woyamba, amene Angerezi adamupha mu 1896, Chingoni chidali chitayamba kale kuchepa. Mwana wake, Philip Gomani, amene adakana chitaganya ali pa Lizulu pompa mu 1953, ankalamula anthu amene ambiri mwa iwo ankayankhula Chinyanja. Lero Chingoni chatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mfunda, ndi m'mawu ngati "Bayethe" amene timawamva ku Umhlangano ku Nkolimbo.

Tsono Chikoreya chidayenda njira ina. Kwa zaka mazanamazana Akoreya ophunzira ankalemba ndi zilembo za Chitchaina, zimene munthu wamba sakadatha kuziloweza. Mu 1443 Mfumu Sejong adapanga zilembo 28 zogwirizana ndi kamvekedwe ka Chikoreya, ndipo adazilengeza mu 1446. Zina mwa izo zimajambula momwe lilime ndi milomo zimakhalira potchula liwulo. Nduna zina, monga Choe Manri, zidakana, poti kulemba kosavuta kunkachotsa ulemerero wa ophunzira. Lero zilembozo, zotchedwa Hangul, zilipo 24, ndipo ku South Korea pa 9 Okotobala ndi tchuthi chokumbukira zimenezi.

Mayeso enieni adadza pamene Japan idalamula Korea kuyambira 1910 mpaka 1945. Chakumapeto kwa ulamulirowo Chikoreya chidachotsedwa m'sukulu, anthu nkumakakamizidwa kutenga maina a Chijapani. Mu 1942 apolisi adamanga akatswiri amene ankalemba dikishonale ya Chikoreya, ndipo awiri, Yi Yun-jae ndi Han Jing, adafera m'ndende. Mapepala awo adapezeka mu 1945 m'nyumba yosungira katundu pasiteshoni ya sitima ku Seoul, ntchito nkupitirira. Taganizani, anthu kufera dikishonale!

Musaganize kuti Ahausa adangodalira msika wokha. Iwonso adalemba, poyamba ndi zilembo za Chiarabu zotchedwa ajami. Mwana wamkazi wa dan Fodio, Nana Asma'u, adalemba ndakatulo m'Chihausa pophunzitsa amayi. Atsamunda adabweretsa zilembo za Chiroma, zotchedwa boko, ndipo mu 1939 nyuzipepala ya Gaskiya Ta Fi Kwabo idayamba kutuluka ku Zaria. BBC idayamba kuulutsa m'Chihausa mu 1957. Msika udachifalitsa, koma cholembera ndicho chidachimangira maziko.

Nanga Chichewa chathu chili pati? Pamsika chidapambana kalekale ngati Chihausa. Pa zolemba tidayamba bwino: Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, mu 1968 chidakhala chiyankhulo cha fuko, mu 1972 padakhazikitsidwa bungwe loona za Chichewa, ndipo mu 2000 tidalandira Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Koma mu 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Ndipo tinene zoona, ambiri a ife timachita manyazi kulemba kalata yakuntchito m'Chichewa, ena mpaka kukalipira mwana akayankha agogo ake m'chiyankhulo chawo.

Apa ndiye pali phunziro la Lizulu. Chingoni sichidafe ndi lamulo la boma lililonse. Chidazilala pakhomo, mwakachetechete, tsiku limene ana adaleka kuchimva kwa amayi awo, ndipo zolembedwa zoti chitsamirepo zidali zochepa. Zimene zidachitikira chiyankhulo cha ankhondo zingathe kuchitikiranso chiyankhulo cha pamsika.

Choncho pempho langa sabata ino ndi laling'ono. Ngati kwanu kuli gogo amene amadziwa nyimbo za ngoma kapena mfunda wa banja lanu, pitani ndi foni yanuyo mukawajambule, muwafunse tanthauzo la liwu lililonse, mulembe. Kenaka mudzatigawire muno, m'Chichewa. Inu a ku Ntcheu, a ku Dedza ndi a ku Angonia, ndi mawu ati a Chingoni amene akadamvekabe pakhomo panu?