Za Usiku wa pa Thambani

Ife a kwa Kanduku tiudziwa bwino mseu wonka ku Thambani. Pa mseu umenewo, pa 18 May 1983, anaphedwa akuru anai a dziko lino: nduna zitatu, ndizo Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Mitembo yao anaiika m'galimoto, naigwetsera kuphompho, ndipo boma la masiku aja linalengeza kuti anafa pangozi. M'caka ca 1994 Bakili Muluzi anaika bungwe lofufuza, mkuru wace woweruza Michael Mtegha, ndipo linapeza kuti amene anawapha ndi apolisi. Dr. Banda ndi John Tembo anazengedwa mlandu, koma mu December 1995 bwalo silinawapeze ndi colakwa.

Tsono tilingalire za wapolisi amene anatumidwa nchito ija. Kuyambira ubwana wace anaphunzira zinthu ziwiri: kumvera akuru, ndi kusapha munthu. Masiku ena onse malamulo awiriwa anayendera pamodzi, koma tsiku lija anasiyana. Akamvera, akhetsa mwazi. Akakana, kapena afa yekha, ana ace natsala amasiye. Ife amene sitinaime pamenepo tisafulumire kudziyesa olimba mtima.

Nanga maphunziro a cabwino ndi coipa athandiza ciani pa nthawi yotere? Sacotsa mantha iai, ndiponso salonjeza kuti wocita cilungamo adzapulumuka. Nchito yace ndi iyi: kutidziwitsa lamulo lalikuru pamene awiri alimbana. Timvera mfumu cifukwa inaikidwa kusunga miyoyo ya anthu. Cotero ikalamula kupha munthu wosaweruzidwa, yataya cifukwa cimene tinaimverera. Wotumidwa sanganene kuti dzanja linali la mwini wace, pakuti amene anakantha ndiye.

Ndiponso cipsinjo ca cikumbumtima sicinagwere apolisi okha. Amene anadziwa zoona anakhala cete zaka zambiri cifukwa ca mantha, ndipo mau anayamba kumasuka pamene mabishopu a Katolika analemba kalata yao mu March 1992.

Abale, denga tifolera mvula isanagwe. Munthu sayamba kuphunzira kusiyanitsa malamulo pamene wamkuru wace ali ciimire pakhomo. Cifukwa cace tiphunzitse ana athu, kusukulu ndi pabwalo, kumvera ndithu, komanso kudziwa pamene kumvera kulekezera.