Nkhope za pakhoma: mbiri yosunga zithunzi za anthu otchuka ku Dowa ndi ku Ntchisi

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira kwa Chiwere ndi kwa Msakambewa mpaka kwa Kasakula ndi kwa Nthondo, munthu wokonda mpira kapena nyimbo sankachita kudziulula. Khoma la pabalaza pake linkamunenera. Panali kalendala yoti chaka chake chinatha kalekale koma yosachotsedwa chifukwa cha chithunzi chake, tsamba la nyuzipepala lokhala ndi anyamata a Flames ena atanjuta kutsogolo ena ataimirira kumbuyo, ndi chikuto cha kaseti chopanidwa pa felemu ya zenera. Mlendo akafika, nkhani inkayambira pomwepo madzi akumwa asanabwere.

Kumayiko a azungu, chidwi chotere chinatsamira kwambiri pa siginecha. Anthu amadikira kunja kwa bwalo la mpira kapena la zisudzo kuti katswiri awalembere dzina lake pa pepala, pa mpira kapena pa malaya, ndipo zinthuzi zinasanduka malonda aakulu. Mu 1970 kampani ya Panini ya ku Italy inatulutsa buku lake loyamba lomatamo nkhope za osewera mu World Cup, ndipo mu 2022 jezi yomwe Diego Maradona anavala pomwe Argentina inkagonjetsa England mu 1986 inagulidwa pa mtengo woposa mapaundi 7 miliyoni mumzinda wa London. Kwathu kuno nkhaniyi inayenda njira ina. Anthu ankafuna nkhope, ndipo kuti munthu afike posankha yekha nkhope yoika pakhoma pake panadutsa zaka zambiri.

Za kumishoni ndi za ku Joni

Mapepala osindikizidwa anayamba kuoneka m'derali pamodzi ndi amishoni a Dutch Reformed Church, omwe anamanga Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894. Zithunzi zomwe ana a sukulu za m'midzi ankaziona zinali za nkhani za m'Baibulo, ndipo zinali za mphunzitsi kapena mlaliki, osati zoti mwana n'kupita nazo kwawo.

Amene anabweretsa zithunzi zamtundu wina ndi amuna opita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale. Munthu asanabwerere kumudzi ankayamba walowa m'situdiyo, atavala suti ndi chipewa, wotchi ili poonekera, kuti abale adzaone kuti sanapite kukasewera. M'bokosi lake munkakhalanso mbale za galamafoni ndi magazini ngati Drum, yomwe inayamba kutuluka ku South Africa mu 1951 ndipo inkadzaza ndi oimba, ankhonya ndi osewera mpira achikuda. Tsamba limodzi la magazini yotere linkazungulira mudzi wonse mpaka kuthothoka m'mbali. Njira imeneyi inachepa mphamvu mu 1974, pomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa kulemba anthu opita ku migodi.

Nkhope imodzi paliponse

Dziko litalandira ufulu mu 1964, panali nkhope imodzi yomwe munthu sankasowa koiona. Chithunzi cha Dr. Hastings Kamuzu Banda chinkayenera kupachikidwa m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo panalibe wotchi kapena chithunzi china choti chikhale pamwamba pake. Nkhope yomweyo inali pa ndalama, pa baji ya pachifuwa ndi pa nsalu za amayi a Mbumba. Khadi la chipani cholamula nalo linali losasiyidwa kunyumba, chifukwa achinyamata a chipani ankaima pakhomo la msika ndi pokwerera basi.

Ambiri m'chigawo chapakati ankamukondadi Kamuzu ndipo chithunzi chake ankachisamala ndi mtima wonse. Komabe kukonda ndi kukakamizidwa zinkayendera limodzi, ndipo Dowa ikudziwa bwino mtengo wa kukana. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ankakana kugula makhadi, anali m'gulu la anthu amene anatsekeredwa ku Dzaleka, pomwe malowa anali ndende ya anthu osagwirizana ndi boma. Panalinso nkhope zoopsa kusunga. Mkangano wa nduna wa 1964 utachitika, munthu wanzeru sakanalola kuti apezeke ndi chithunzi cha Henry Masauko Chipembere kapena Kanyama Chiume. Magazini ochokera kunja nawo ankayamba adutsa m'manja mwa bungwe lounika zofalitsa, lomwe linkagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968.

Mpata womwe unatsala unali wa mpira, nyimbo ndi chipembedzo. Papa John Paul II atabwera mu May 1989, Akatolika a ku Nambuma, Mpherere ndi m'maparishi ena anapeza nkhope ina yoika pakhoma ndi yovala pa nsalu popanda wowafunsa.

Dzina pawailesi, nkhope m'nyuzipepala

Malawi analibe kanema wakewake mpaka 1999. Kwa zaka zonsezo anthu ankawadziwa akatswiri awo kudzera m'makutu. Loweruka masana amuna ankazungulira wailesi ya mabatire kumvera MBC, ndipo mayina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Boniface Maganga, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali ankatchulidwa ngati a anthu apamudzi pomwepo, chikhalirecho ambiri anali asanawaonepo. Mnyamata wa ku Malomo ankatha kudzitcha Kinnah pa mpira wachikulunga osadziwa ngati mwini dzinayo ndi wamtali kapena wamfupi.

N'chifukwa chake tsamba lamasewera linali chuma. Flames itagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, n'kuchitetezanso mu 1979, chithunzi cha timuyi chinali chosiririka. Momwemonso mu 1984 itapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, ndi mu 1988 itatenganso chikho chija. Koma Malawi News kapena Daily Times sinkafika m'mudzi tsiku lomwe yatuluka. Inkabwera ndi mphunzitsi wochokera ku boma kukalandira malipiro, mlangizi wa zaulimi, kapena mlimi amene wapita ku okushoni ku Kanengo kukaona fodya wake akugulitsidwa. Moni, Odini ndi Boma Lathu ankadzera kutchalitchi, kusukulu ndi kumaofesi a boma.

Pepala likafika, linali ndi olilimbirana ambiri. Agogo ankalifuna kuti apichirire chingambwe, mayi wogulitsa zitumbuwa ankalifuna lokulungira, mwana wasukulu ankati akutire kope. Wokonda mpira ankayenera kuchita changu. Ankatenga lezala, n'kudula motsatira mzere wa chithunzi, osaiwala mawu a m'munsi otchula mayina kuyambira kumanzere. Kenaka ankaphika kaphala kopyapyala ka ufa woyera kapena wa chinangwa, n'kupaka m'makona anayi, n'kukanikiza pakhoma ndi chikhatho mpaka kagwire. Pomwe phala lakana, ankakhoma ndi minga kapena kamsomali kobooleza pa chitsekerero cha botolo kuti pepala lisang'ambike. Adani ake anali odziwika: mphemvu zinkanyambita phala n'kudya ndi makona omwe, utsi wa koloboyi unkadetsa nkhope, ndipo dzinja likafika denga lodontha ndi chiswe zinkamaliza zotsala. Chithunzi chopirira zaka zitatu chinali chamwayi. Osamala kwambiri ankamata zithunzi zawo m'kope lakale, n'kulisunga m'sutikesi pamodzi ndi makhadi a kusikelo ndi zikalata za ubatizo.

Ufulu wa khoma

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinasintha makoma a m'nyumba monga zinasinthira boma. Nyuzipepala zinachuluka, nsalu ndi malaya a zipani zinabwera ndi nkhope zosiyanasiyana, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu apakhomo limodzi ankatha kukangana poyera za chithunzi choyenera kukhala pamwamba.

Nthawi yomweyi inali ya makaseti. Ogulitsa ankapita kukapikula kwa O.G. Issa ku Limbe kapena kwa omugulitsira ku Lilongwe, n'kudzayala pa tsiku la msika ku Mponela, ku Madisi ndi pa boma la Ntchisi. Chikuto cha kaseti ndiye chinali chithunzi chotsika mtengo cha woimba. Kudzera mmenemo anthu anadziwa nkhope za Paul Banda ndi Alleluya Band, Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Ethel Kamwendo ndi Evison Matafale. Matafale atamwalira mu November 2001, nkhope yake inakwera pamakoma pambali pa Bob Marley ndi Lucky Dube. Pakhomo la nyumba zoonetsera vidiyo panali Rambo, Bruce Lee, Chuck Norris ndi Van Damme, ndipo mnyamata wogwirizana ndi mwini jenereta ankapempha pepala lakale likamachotsedwa. Pambuyo pake kunabwera mapepala aakulu onyezimira a Manchester United, Arsenal, Liverpool ndi Chelsea, ogulitsidwa pamodzi ndi makalendala m'mwezi wa December. M'mabarbershop ambiri matimu a ku England anakankhira Bullets, Wanderers ndi Silver pakona.

Kujambulitsa ndi woimba kunali kotheka koma kofuna kudekha. Gulu loimba likafika pamalo azamalonda nyengo yogulitsa fodya, wojambula wa panjinga ankakhala pafupi ndi kamera yake. Munthu ankalipira theka, n'kuima pambali pa woimbayo, kenaka n'kudikira kuti filimu idzaze ndiponso ikatsukidwe ku Lilongwe. Pankatha masabata, ndipo nthawi zina yankho linali lakuti chithunzi chinapsa.

Nanga siginecha?

Kupempha munthu wotchuka kuti alembe dzina lake sikunazike mizu kumudzi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Akatswiri ambiri ankakhala ku Blantyre, kutali ndi mapiri ano. Kuwonjezera apo, kusayina kunali kwa pa zinthu zolemera: ngongole ya feteleza ku kalabu, kalata ya kukhoti, kulandira ndalama ku positi ofesi, ndipo ambiri ankachita kudinda chala. Munthu akakumana ndi woimba amene amamukonda, ulemu wake unali kumugwira chanza, kumufupa ali pa siteji, kapena kupatsa mwana dzina lake.

Komwe mwambo wolemberana unakula ndi m'sukulu zogonera konko monga Robert Blake ku Kongwe. Mayeso a Fomu 4 akamayandikira, timabuku ta autograph tinkayenda kuchoka pa bedi lina kupita pa lina. Aliyense ankalemba dzina, keyala ya kwawo, timu ndi woimba amene amamukonda, mawu otsanzikana, n'kumaliza ndi siginecha yokhotakhota yomwe anaiyeserera teremu yonse. Eni ake ankangosunga chikumbutso cha anzawo, koma ena mwa olembamo anadzakhala aphungu, abusa ndi akuluakulu a boma.

Chithunzi chili m'thumba

Lero wojambula wa panjinga uja anasowa ntchito. Foni yam'manja inachotsa kudikira konse, ndipo chomwe wachinyamata amafuna akakumana ndi katswiri ndi selfie yoti aike pa WhatsApp kapena pa Facebook tsiku lomwelo. Malo amodzi omwe izi zimaonekera bwino ndi ku Dzaleka komwe kuja, komwe kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo ndipo tsopano kukukhala anthu oposa 50,000. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, anachiyambitsa mu 2014, chimabweretsa oimba otchuka ku Dowa, kulowa kwake n'kwaulere, ndipo woimba akatsika pa siteji amapeza mafoni atamuzungulira. Pamalo pomwe anthu ankatsekeredwa chifukwa chokana khadi la chipani chimodzi, lero aliyense akujambulitsa ndi amene wamufuna.

Nkhope zokondedwa nazo zasintha. Pali Gabadinho Mhango, amene chigoli chake cha patali pokumana ndi Morocco mu January 2022 chinazungulira dziko lonse. Pali Tabitha ndi Temwa Chawinga, omwe atsikana akusunga zithunzi zawo monga anyamata ankasungira za Kinnah. Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Palinso agogo Giddes Chalamanda, omwe intaneti inawadziwitsa kwa adzukulu a anthu amene ankangowamva pawailesi.

Vuto ndi lakuti zithunzi zachuluka koma zosungika zachepa. Foni ikabedwa, ikagwera m'madzi, kapena memory card ikafa, zaka zisanu za zithunzi zimapita tsiku limodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Phindu la chithunzi chosungidwa bwino tinaliona mu 2022, pomwe mmisiri Samson Kambalu anaimika chiboliboli cha John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London. Anachiumba potengera chithunzi cha 1914, chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa. Pakanapanda wochisunga, chibolibolicho sichikanakhalapo.

Choncho inu amene muli ndi kope la zithunzi zodula m'nyuzipepala, chikuto cha kaseti, kabuku ka autograph kapena chithunzi chomwe bambo anu anajambulitsa ku Joni, musazisiye m'sutikesi yomwe chiswe chikuilondalonda. Ziikeni mu pulasitiki pamalo ouma, ndipo funsani akuluakulu akadali moyo kuti mulembe kuseri kwake dzina, malo ndi chaka. Za mufoni zomwe mumazikonda kwambiri kazitsukitseni pa pepala. Ngati muli ndi chithunzi chakale chokhudza mbiri ya dziko, a National Archives ku Zomba ndi a Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre ndiwo amagwira ntchito yosunga zoterezi.