Leptin ndi Chithokomiro

Leptin ndi homoni yopangidwa ndi mafuta a m'thupi, imene imadziwitsa ubongo kuchuluka kwa mphamvu zimene thupi lasunga. Inapezeka mu 1994 ndi gulu la Jeffrey Friedman pa Rockefeller University ku New York.

Homoniyi imagwira ntchito limodzi ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni a T4 ndi T3, amene amalamulira liwiro limene thupi limawotchera chakudya. Munthu akachepetsa kudya, leptin imatsika pasanathe masiku ambiri. Ubongo umaona ngati kwagwa njala, choncho umachepetsa homoni ya TSH yomwe imadzutsa chithokomiro. T3 imatsika, thupi limayamba kuumira mphamvu, ndipo kuonda kumavuta ngakhale munthuyo akudya pang'ono.

Michael Rosenbaum ndi Rudolph Leibel a ku Columbia University anabaya leptin anthu amene anali ataonda, ndipo T3 ndi T4 zawo zinakweranso.

Anthu onenepa kwambiri amakhala ndi leptin yochuluka, koma ubongo wawo suimvera bwino. TSH yawo kawirikawiri imakwera pang'ono, ndipo imatsikanso akaonda.